Nyimbo ndi za Mozart, nanga dzina la Louis Clark likutani pachikuto?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba yemwe amayimba kiyibodi kutchalitchi kwawo. Akuti posanthula katundu wa malemu bambo ake anapeza katoni ya zimbale zakuda zija za galamafoni, ndipo chimodzi mwa izo n'cholembedwa kuti Hooked on Classics, m'munsi mwake muli dzina la Louis Clark ndi la Royal Philharmonic Orchestra. Galamafoni ya mdalayo inafa kalekale, ndiye anakachisaka pa YouTube n'kumvetsera. Funso lake nali:

"Nyimbo zonse zili m'menemo ndi za Mozart, Beethoven, Tchaikovsky ndi anzawo. Nanga Louis Clark ameneyu anachitapo chiyani kuti dzina lake likhale pachikuto? Si kuba kumeneku? Ndikufunsa chifukwa inenso kukwaya kwathu ndine ndimagawa mawu ndi kuikamo zoyimbira, koma anzanga amati sindine katswiri weniweni poti sindinapekepo nyimbo yangayanga."

Achimwene, pepani kaye ndi imfa ya bambo. Chimbalecho musachitaye, ndipo musachisiye padzuwa, chimapindika.

Funso lanu lili pawiri, koma ndiyamba ndi munthuyo, chifukwa mukamudziwa, yankho la zinazo lizibwera lokha.

Louis Clark anabadwa pa 27 February 1947 ku Kempston, ku England. Sanayambire pamwamba ayi. Ali mnyamata ankayimba gitala ya besi m'gulu la Raymond Froggatt, limodzi mwa magulu ambirimbiri omwe ankazungulira m'malo achisangalalo a ku Birmingham ndi madera oyandikana nawo. Atadya zaka zingapo m'moyo umenewo, anaganiza zobwerera m'kalasi, nakalowa ku Leeds College of Music ali kale ndi zaka za m'ma 20. Mfundo imeneyi muigwire. Clark anali ndi masukulu awiri: ya m'bandi, komwe umadziwira chimene chimadzutsa anthu pamipando, ndi ya pepala, komwe umaphunzira kulemba manotsi oti anthu 30 kapena 60 awerenge nthawi imodzi popanda wina kusokonezeka. Anthu okhala ndi zonse ziwirizi ndi ochepa, kale ndi lero lomwe.

Mwayi wake unadza mu 1974. Ku Birmingham komweko kunali gulu lotchedwa Electric Light Orchestra, ambiri amangoti ELO, lomwe Roy Wood, Jeff Lynne ndi Bev Bevan anayambitsa mu 1970. Maloto awo anali kusakaniza rock ndi zoyimbira za nsambo monga vayolini ndi chelo. Dzina linali la okesitira, koma kunena zoona okesitira kunalibe. Anali ndi oyimba nsambo awiri kapena atatu, omwe mu situdiyo ankawajambula mobwerezabwereza, kusanjikiza pamwamba, kuti zimveke ngati khamu. Mukamvera zimbale zawo zoyambirira mumva ndithu kuti zikukanda kukhutu, ngati macheka. Wood atachoka, Lynne anatsala ndi gululo, ndipo pokonza chimbale cha Eldorado anaganiza zolemba ganyu okesitira yeniyeni ndi kwaya yomwe. Vuto linali limodzi: Lynne ndi mmisiri wopeka nyimbo, koma manotsi sawerenga. Nyimbo ili m'mutu mwake, oyimba a okesitira akufuna pepala. Pakati pa mutu wa Lynne ndi pepalalo panafunika munthu, ndipo munthuyo anali Clark. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Apa ndiime pang'ono ndikufotokozereni ntchito imeneyi, yomwe mu situdiyo amaitcha kuti ya arranger, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yanu.

Wopeka amabwera ndi mzere wa nyimbo ndi makodi ake. Basi. Chotsala n'chakuti, kodi mavayolini alowa pati, ndipo akalowa ayenda limodzi ndi woyimba kapena azimuyankha akapuma? Machelo agwira pansi kapena akwera n'kulira okha? Malipenga asungidwe mpaka kolasi yomaliza, kapena aombe koyambirira? Ndipo chilichonse mwa zida zimenezi chili ndi malire ake ndi khalidwe lake. Vayolini siitsika kupitirira G wa m'munsi mwa C wapakati. Mukailembera notsi yotsika kuposa pamenepo, woyimbayo angokuyang'anani. Viyola ili ndi kalembedwe kakekake ka manotsi, kosiyana ndi ka vayolini. Lipenga wamba la B flat mumalilembera notsi yokwererapo pang'ono kuposa yomwe mukufuna kumva, ndipo French horn mumailembera yokwera masitepe asanu. Kuiwala chimodzi mwa zimenezi, chipinda chonse chimamveka ngati amphaka akumenyana padenga. Ku Britain oyimba a mu situdiyo amalipidwa pa chigawo cha maola atatu, malinga ndi malamulo a bungwe lawo, ndiye mphindi iliyonse yomwe mukufufuta notsi yolakwika ndi ndalama zikutayika anthu 30 atangokhala.

Za maola zimenezi zinasiya chipsera pa Eldorado yomweyo. Chimbalechi anachijambula ku De Lane Lea Studios mu London, ndipo chakumapeto kwake, mukatchera khutu bwino, mumamva kukhokhomola kwa oyimba mabesi akuluakulu aja akulongedza zida zawo m'mabokosi nyimbo isanathe. Nthawi yawo inali itakwana, ndipo sanafune kuwonjezera ngakhale kamphindi. Ine zimandiseketsa, chifukwa ndi momwe ankawaonera anyamata a rock masiku amenewo: ngati ana ongosewera. Clark, yemwe anali atangochoka kusukulu, ndiye ankaima patsogolo pa anthu oterowo ndi kandodo m'manja.

Eldorado inayenda bwino, makamaka ku America, komwe nyimbo ya Can't Get It Out of My Head inakhala yoyamba ya ELO kulowa m'gulu la nyimbo 10 zapamwamba. Kuchokera pamenepo Clark anakhala nawo pa Face the Music mu 1975, A New World Record mu 1976, Out of the Blue mu 1977, Discovery mu 1979 ndi nyimbo za filimu ya Xanadu mu 1980. Pachikuto amalemba kuti nsambo ndi kwaya anazisanja anthu atatu, Lynne, Richard Tandy yemwe anali wa kiyibodi m'gululo, ndi Clark, ndipo wotsogolera okesitira ndi Clark. Pazithunzi za gululo nkhope yake simuipeza. Koma mvetserani Mr. Blue Sky, osaidula pomwe mawailesi amaidulira. Mawu akatha, nyimbo imasintha mayendedwe, kwaya imalowa ngati ya m'kachisi wamkulu, nsambo zimakwera pang'onopang'ono n'kukatera phee. Kachigawo kameneko kakanachotsedwa, nyimboyo ikanakhalabe yokoma, koma ikanakhala kanyimbo kongosangalatsa m'mawa basi. Kwa ine, ntchito yapamwamba kwambiri ya Clark ili m'zimbale zimenezi za ELO, osati m'chimbale chomwe muli nachocho, ngakhale icho n'chimene chinamutchukitsa.

Tsopano tifike pa chimbale cha bambo anu.

Chaka cha 1981 chinali chaka cha nyimbo zolumikiza. Ku Netherlands kunatuluka Stars on 45, pomwe anatenga tizidutswa ta nyimbo zodziwika, zambiri za The Beatles, n'kutilumikiza pa biti imodzi ya disiko. Inagulidwa koopsa, mpaka kufika pa nambala 1 ku America. Kampani ya K-tel, yomwe inkadziwika ndi zimbale zosakaniza zotsatsidwa pa TV, inafuna zofananazo koma ndi nyimbo za classical. Ojambula ake anali Jeff Jarratt ndi Don Reedman, okesitira inali Royal Philharmonic, yomwe Sir Thomas Beecham anayambitsa mu 1946, ndipo wosanja ndi wotsogolera anali Clark. Sikuti anali oyamba kuvinitsa Beethoven. Walter Murphy anali atachita kale zimenezo mu 1976 ndi A Fifth of Beethoven. Chachilendo chinali kuchuluka kwa zidutswazo ndi kusokedwa kwake.

Nyimbo yoyamba pachimbalepo ili ndi zidutswa 17 m'mphindi pafupifupi zisanu. Imayamba ndi Piano Concerto No. 1 ya Tchaikovsky, kudumphira pa nyimbo ya Rimsky-Korsakov yotsanzira kuuluka kwa njuchi, kulowa mu Symphony No. 40 ya Mozart, kudutsa kwa Gershwin ndi Sibelius, kugwera mu Symphony No. 5 ya Beethoven, kenako Bach, Mozart kachiwiri, Beethoven kachiwiri, Rossini, mpaka kukathera pa 1812 Overture ya Tchaikovsky yemwe uja. Chakumapeto kuli Hallelujah ya Handel, yomwe sindikukayika kuti kwaya yanu inayesapo pa Isitala. Palinso kanyimbo ka lipenga ka Jeremiah Clarke, komwe kanayimbidwa pa ukwati wa Charles ndi Diana pa 29 July 1981, ndiye anthu a ku Britain anali akadali nako m'makutu. Nyimbo yolumikiza ya Clark ija inafika pa nambala 2 ku Britain ndi pa nambala 10 ku America, chimbale chonse n'kufika pa nambala 4 ku America. Zotsatira zake zinatuluka mu 1982 ndi mu 1983.

Mukufunsa kuti anachitapo chiyani. Khalani pa kiyibodi yanu muyese izi. Symphony ya Mozart ija eni ake anailemba mu G minor. Ya Beethoven ili mu C minor. Toccata ya Bach ili mu D minor, Hallelujah mu D major, concerto ya Grieg mu A minor, 1812 mu E flat. Liwiro lake n'losiyana, zida zake n'zosiyana: ina inalembedwera limba la m'tchalitchi, ina piyano, ina kwaya, ina nsambo zokha. Ya Tchaikovsky yoyambirira ija imawerengedwa katatu, wani-thu-fili, pomwe disiko imayenda kanayi. Clark anayenera kupeza potulukira m'nyimbo iliyonse ndi polowera mu inzake, kusuntha kiyi pomwe pafunika, kutambasula kapena kufinya manotsi kuti akwane pa biti, ndi kugawiranso zida kuti zonse ziyimbidwe ndi okesitira imodzi, womvera osamva msoko. Telala wabwino mumamudziwira kunsi kwa chovala.

Ine ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Zaka zapitazo ndinapemphedwa kuyimba kiyibodi pa ukwati wina, ndipo ndinadzitama kuti ndilumikiza makolasi anayi osaima, akwati azilowa akuvina. Atatu oyamba anali mu F, zinayenda bwinobwino. Yachinayi azimayi a kwaya anaizolowera mu A flat, ndipo ine ndinaganiza kuti ndingodina batani la transpose pakati pa nyimbo, zitheka. Ndinadina. Kiyibodi inasamuka, azimayi anatsala mu F. Kwa masekondi mwina khumi munali nyimbo ziwiri m'holo imodzi, mayi wina wa soprano akundiyang'ana ndi diso lomwe sindidzaliiwala, mkwati ataima pakhomo mwendo uli m'malere. Chomwe ndinasowa tsiku lija ndi mabala awiri okha, kamlatho kotengera makutu a oyimba kuchoka ku kiyi ina kupita ku inzake. Clark anamanga timilatho totere 16 m'nyimbo imodzi yokha.

Koma ndisakunamizeni kuti chimbalechi ndimachikonda mopanda chodandaula. Okonda classical ambiri anachinyoza chitangotuluka, ndipo pena anali ndi mfundo. Tengani Beethoven uja. Manotsi anayi otchuka aja, ta-ta-ta-taaa, pa lachinayi Beethoven anaikapo chizindikiro choti ligwiridwe kwa nthawi yomwe wotsogolera afuna. Mphamvu yonse ili m'kudikirako: holo yonse yagwira mpweya, palibe akudziwa kuti dzanja litsika liti. Makina a ng'oma sadziwa kudikira. Amangogunda, kuwomba m'manja kuja kukubwera pa nthawi yake ngati wotchi, ndipo mantha aja amatheratu. Nyimbo zimenezi zimapuma, zimafulumira, zimazengereza, zimanong'ona. Pa Hooked on Classics zonse zavala yunifolomu imodzi. Komanso concerto ya Tchaikovsky ndi ulendo wa mphindi zoposa 30, pomwe apa mwapatsidwa masekondi ochepa. Zili ngati kuzungulira kukhitchini ya ukwati, kulawa msuzi m'miphika 17, n'kubwerera kwanu osadya nsima.

Komabe bambo anu anagula chimbalechi, ndipo inu lero mukutchula Tchaikovsky chifukwa cha icho. Anthu ochuluka omwe sakanalowa m'holo ya konsati anamva mayina amenewa koyamba kudzera mwa Clark, ena n'kupita kukasaka nyimbo zathunthu. Ndiponso Royal Philharmonic ndi gulu lodziyendetsa lokha, lomwe limadalira kwambiri matikiti ndi maganyu a mu situdiyo. Woyimba vayolini naye ali ndi lendi yolipira. Ndiye ine sindiwaweruza.

Za kuba zija, ayi, si kuba. Wakuba amabisa mwini wake, pomwe apa mayina a opeka sanabisidwe, ndipo malonda onse agona pakuti anthu azindikire kuti uyu ndi Mozart, uyu ndi Bach. Mwalamulo, nyimbo ya munthu imatetezedwa kwa zaka zingapo iye atamwalira, kenako imakhala ya aliyense. Bach anamwalira mu 1750, Handel mu 1759, Mozart mu 1791, Beethoven mu 1827, Tchaikovsky mu 1893. Ndi okhawo a posachedwa, monga Gershwin yemwe anamwalira mu 1937 ndi Sibelius mu 1957, omwe nyimbo zawo zinali zikadali ndi eni mu 1981. Apa mpomwe inu muyenera kusamala. Kusanja nyimbo yakale ya m'buku la nyimbo n'kosiyana ndi kutenga nyimbo ya woyimba wamoyo, kuisintha n'kukaijambula. Yachiwiriyi imafuna chilolezo, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, alipo chifukwa cha zoterezi.

Ndiponso kusanja nyimbo za ena si ntchito yomwe akatswiri aja ankaiona yonyozeka. Mozart mwiniwakeyo mu 1789 anatenga Messiah ya Handel n'kuiwonjezera zida zomwe Handel sanalembe. Liszt anatenga ma symphony onse 9 a Beethoven n'kuwasandutsa nyimbo za piyano imodzi. Pictures at an Exhibition ya Mussorgsky inalembedwera piyano yokha, koma ambiri amaidziwa m'chovala cha okesitira chomwe Ravel anaisokera mu 1922. Anzanu a kukwaya muwafunse ngati Ravel naye sanali katswiri weniweni.

Pali kanthu kena m'moyo wa Clark komwe kakukhudzani inu mwachindunji monga wa kiyibodi. Pofika 1981 ELO inali itasiyana ndi oyimba chelo ake, ndipo paulendo wa makonsati a chimbale cha Time anamutenga Clark kuti aziyimba zigawo za nsambo pa kiyibodi. Tangoganizani: munthu amene analembera mavayolini enieni, tsopano akuyesa kuwatsanzira ndi zala khumi. Anakhala akuchita zimenezi mpaka gululo litatha mu 1986. Chomwe munthu wotero amadziwa, chomwe ambiri a ife sitidziwa, n'chakuti okesitira siyimba makodi. Ife tikasankha strings pa kiyibodi timakanikiza zala zitatu kudzanja lamanja, n'kusamutsa dzanja lonse ngati njerwa kodi ikasintha. Nsambo zenizeni sizitero. Vayolini yoyamba ili ndi njira yake, yachiwiri yake, viyola yake, chelo yake, ndipo iliyonse imasuntha pang'ono pokha, nthawi zina osasuntha n'komwe, kodi ikasintha. Inu mumazidziwa kale izi, poti n'zomwe mumachita pogawa soprano, alito, tena ndi besi m'solofa. Chimene mumachita ndi makosi a anthu Loweruka pa pulakatisi, chichiteni ndi zala Lamulungu. Yesaninso kusiya vesi yoyamba yonse yopanda strings, muzilowetse pa yachiwiri ndi notsi imodzi yokha yaitali pamwamba. Mudzandiuza.

Zotsala za moyo wake ndingozidutsa. Anasanjira nsambo anthu osiyana kwambiri: gulu la Renaissance mu 1978, Ozzy Osbourne pa Diary of a Madman mu 1981, chaka chomwechomwecho cha Hooked on Classics, ndi Roy Orbison pa chimbale cha Mystery Girl chomwe chinatuluka mu 1989 mwiniwake atamwalira kale. Ndi Royal Philharmonic anapitiriza kuveka nyimbo za magulu ngati Queen ndi ABBA chovala cha okesitira. Bev Bevan atayambitsa ELO Part II, popanda Lynne, Clark analowa nawo, ndipo mu 1991 anayenda ndi Moscow Symphony Orchestra. Bevan atachoka, otsalawo anasintha dzina mu 2000 n'kukhala The Orchestra, ndipo Clark anakhala nawo kwa zaka zambiri, akuyimba kiyibodi ndi kutsogolera maokesitira a m'mizinda yomwe afikako. Anamwalira pa 13 February 2021 ku Elyria, m'chigawo cha Ohio ku America, ali ndi zaka 73, kutatsala masabata awiri kuti akwanitse 74.

Chinthu chimodzi ndikuchiona mukayang'ana mbiri yonseyi: kwa zaka zisanu ndi ziwiri anagwira ntchito yake yabwino koposa dzina lili m'tizilembo tating'ono kuseri kwa chikuto, ndipo linadzafika kutsogolo pa ntchito yomwe akatswiri anaiseka. Sindikuuzani kuti muzilimbana ndi anzanu za ulemu. Koma kwaya yanu ikadzapita ku situdiyo, musachite manyazi kunena kuti pachikuto, kapena m'munsi mwa vidiyo, alembepo kuti wosanja mawu ndi zoyimbira ndi inu. Nenani zimenezi musanajambule, osati chimbale chitatuluka. Ndipo zomwe mumagawazo muzizilemba m'kope, ndi deti lomwe, ngakhale m'solofa momwemo.

Mwati m'katonimo muli zimbale zina. Tazitembenuzani chimodzichimodzi muwerenge tizilembo ta kuseri, pomwe pamalembedwa za strings ndi orchestra. Ngati mdala ankakonda Clark, sindingadabwe mutapezamo Discovery kapena Out of the Blue, chija chili ndi chombo cha m'mlengalenga pachikuto. Mukachipeza, munditumizire chithunzi, ndipo popukuta fumbi muzitsata mizere mozungulira ndi kansalu kofewa, osati modutsa.